Chitenje cha NyaKayira

Pakhomo pa aphunzitsi a Msiska ku Nchenachena, NyaKayira sankatchedwa wantchito. "Uyu ndi mwana wa m'nyumba muno," ankatero mayi Msiska kukabwera alendo a kutchalitchi, iye ali chogwada ndi beseni la madzi, akumwetulira. Ndiye analera Watipaso, chitsiriza cha banjalo, kuyambira mchombo usanagwe. Mwanayo anakulira kumsana kwake, m'chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu chimene NyaKayira anabwera nacho kuchokera kwawo.

Matenda a Kolona atafika, ubale uja unaoneka polekezera. Mayi Msiska anali namwino, ankagwira odwala tsiku ndi tsiku, koma wokayikiridwa anali NyaKayira, poti ankagona kumudzi ndipo ndiye ankapita kumsika. Anamuuza mwaulemu ndithu, ataima patali, kuti ayambe wapuma mpaka mphepoyi idutse. Sukulu zinatsekedwa koma aphunzitsi ankalandirabe. Malipiro a NyaKayira anathera pa tsiku lomwelo.

Anayesa maganyu m'minda ya khofi, n'kupeza kuti aliyense wochotsedwa ntchito m'tauni wabwerera kumudzi ndipo wagwira khasu. Anayesa zitumbuwa, koma ogula ake anali ana asukulu. Ana ake awiri anazolowera kudya kamodzi. Komabe chimene chinkamudya mtima, ngakhale ankachita nacho manyazi, chinali mwana wa eni. Ndani akumuuzirira phala? Chitenje chija anachisiya dala pachingwe kuti mwanayo akamalira azimufunditsa.

Miyezi inapita. Atamva belu la sukulu likuliranso, anadula phava la nthochi zoti akapatse mwanayo, n'kukwera mtunda kukapempha ntchito yake. Pachipata panali ndowa ya mpopi ndi sopo. Anasamba m'manja, n'kuodira.

"Monire, mama. Akuti matenda aja achepa, ndiye ndati ndibwere."

"Yewo, NyaKayira, mwatikumbuka," anatero mayi Msiska ali pakhonde, osatsika. "Kungoti Hellen, mwana wa achimwene anga, anabwera nthawi ija bambo ake ataimitsidwa ntchito. Akutithandiza. Zinthu zadula chomene. Tikafuna munthu tidzakutumizirani uthenga."

NyaKayira ankaudziwa uthenga wotere, umafera m'njira.

Pomwepo Watipaso anatulukira kuseri kwa nyumba, atatalika, akuthamanga yekha. NyaKayira anagwada osadziwa, manja atatambasula.

"Wati! Bwera, dada, bwera kuno!"

Mwanayo anaima njii. Kukamwa kwake kunali kansalu kotchinga mphuno, kobiriwira, ka maluwa achikasu.

"Tinasoketsa timasiki ta tonse," anatero mayi Msiska ataona pamene maso a NyaKayira agwera. "Inali nsalu yolimba ija."

NyaKayira anakhalabe chogwada, manja ali chitambasulire. Anayembekezera kuti mwina fungo, mwina mawu, zimukumbutsa mwanayo. Koma Watipaso anabwerera chafutambuyo, n'kukagwira siketi ya amayi ake.

"Amama, awa akugulitsa nthochi?"

Mayi Msiska anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wapeza potulukira. "Kodi n'zamalonda, NyaKayira?"

Nthochizo anazisankha yekha, zakupsa bwino, zimene mwanayo ankazikonda zokanyakanya. Anafuna kunena kuti ndi mphatso. Kenaka anakumbukira ana ake awiri amene anawasiya asanalawe kanthu.

"Eya, mama," anatero, maso ali pansi. "Ndikugulitsa."