Ntchuwa ya Dona Odeta

"Imeneyonso yayaka?" anafunsa a shefi Alberto, mkulu wa ofesi, ataima pakhomo la chipinda chosungiramo katundu, mpango uli kumphuno chifukwa cha fumbi.

"Yayaka, a shefi. Zinayi zija n'zakufa, koma iyi ikupuma," anayankha Egídio osacheuka.

Egídio anali wokonza makomputadori pa ofesi ina ya boma ku Chifunde. Kwawo kunali ku Ulónguè, ndipo anali atatha zaka ziwiri chimutumizireni kuno. Sabata imeneyo anamulamula kufufuta zonse za m'makomputadori akale, chifukwa Lachisanu kunkabwera kamiyau, lole yonyamula katundu ya ku Tete, kudzawatenga kuti akawaphwanye.

Ntchito yotereyi kwa Egídio inali ngati kutuma mbuzi kukalondera chimanga. Kunyumba kwake anaunjika makina amasewera akalekale, aja olumikiza ku televizau, ndi makaseti ake amene ankatola m'misika. Mkazi wake ankati chipindacho ndi manda a mawaya. Iye sankakangana nazo. Chimene chinkamukoka n'kufuna kudziwa kuti anthu akale ankakwanitsa bwanji kulongedza masewera athunthu m'kanthu kopanda mphamvu ngati kameneko.

Komputadori imene inayakayo inali yachikasu ndi ukalamba. Galasi lake linali lonenepa ngati chidebe, lakuda, la zilembo zoyera zokhazokha. Egídio anayang'ana mndandanda wa zimene zinalimo: makalata a Chipwitikizi, mayina a midzi, kenaka dzina limodzi limene linamuimitsa. NTCHUWA.

Analitsegula. Pagalasi panatuluka mizere inayi ya maenje, dzenje lililonse lili ndi nambala ya miyala yake. Pansi panalembedwa m'Chinyanja: YAMBANI INU.

Anakoka mpando. Ntchuwa ankaidziwa pang'ono, yoonerera ali mwana. Anafesa miyala yake, makina nawo anafesa, n'kulemba: NDADYA ZITATU. PEPANI. Pasanathe mphindi khumi maenje ake onse anali mbee. Makina analira kamodzi.

MWAGONJA. PITANI MUKASINJE.

Egídio anaseka mpaka kutsokomola. Anayambanso, n'kugonjanso. Pofika masana anali atatumidwa kumtondo kasanu ndi kawiri, ndipo anaona chinthu chimene sichinamusangalatse. Makinawo akadya miyala yoyang'anizana nayo, ankatolanso dzenje lina lakutali, lililonse limene afuna.

"Akuba awa," anang'ung'udza.

Anafuna kukopa masewerawo kuti akawaunike bwino kunyumba, koma komputadoriyo inalibe pobaya kachipangizo ka masiku ano. Polowetsa disketi, mavu aja omanga ndi dothi anali atamangamo nyumba. Anatsegula mkati mwa pulogalama kuti aone mmene inalembedwera. Inali mizere yoposa mazana asanu ndi limodzi, yoyalidwa mwaudongo ngati mizere ya m'munda. Mzere woyamba unati: O. F., 1998.

Anapita kwa a shefi.

"Ndikupempha komputadori ija. Ndiisunge ine."

"Ili ndi nambala ya boma pamsana pake," anatero a Alberto akusayina mapepala. "Zisanu zalembedwa, zisanu zikwera. Ndikakupatsani imodzi, mawa wina adzapempha mota, njinga yamoto ya ofesi. Ndipo inu, mwafufuta kapena mukusewera?"

"Ndikufufuza, a shefi. Safunsa anadya phula. Kodi O. F. anali ndani pa ofesi pano mu 1998?"

Cholembera chinaima. A Alberto anavula mandala.

"Odeta Fulede. Ankataipa makalata. Mwamuona kuti?"

Egídio anafotokoza, mpaka mawu aja otsiriza. A Alberto sanaseke. Anayang'ana panja, pamene kale panali mtengo wa mtondo umene anaudula.

"Nthawi imeneyo ine ndinali kamnyamata kongolembedwa kumene. Masana tinkakumba maenje pansi pa mtengo uja n'kumasewera. Iye ankabwera kudzaima kumbuyo kwathu. Tsiku lina anapempha kuti alowe. Tinamuuza kuti ntchuwa si ya akazi, apite akasinje." Anapukuta mandala aja nthawi yaitali. "Amene ananena mawuwo ndine."

"Ali moyo?"

"Amalima kumudzi kwawo, njira ya ku Nsadzo. Ola limodzi pa mota. Koma Lachisanu ndi Lachisanu, Egídio."

Tsiku lotsalalo Egídio analithera akujambula galasi ndi foni, tsamba ndi tsamba, kuti mzere uliwonse akhale nawo. Lachinayi m'mamawa analiza mota.

Anawapeza a Dona Odeta akutongola chimanga pamphasa. Anali mayi wamfupi, wa imvi za m'mbali, zala zolimba ngati mizu. Anamuyalira chikopa, n'kulonjerana naye modekha, kufunsa za kwawo ndi za ana. Egídio atatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi, anaigwira patali, maso atatsinzina pang'ono.

"Kachilombo aka kakadalipo?"

"Kalipo, amayi. Dzulo kandikwapula kasanu ndi kawiri. Koma ndabwera ndi dandaulo. Kamaba. Kakadya, kamatolanso dzenje lina."

A Odeta anaseka mpaka chitsononkho kugwa m'manja.

"Kwanu n'kuti, bambo?"

"Ku Ulónguè."

"Ndiye mwina kwanu mumasewera ya ana. Bambo anga ankati wadya asachoke opanda ndiwo. Inunso mukanatola, kakanakulolani. Munangosiya kufunsa." Anafafaniza chimanga, n'kukumba timaenje pansi ndi chala, n'kumuonetsa ndi njere. "Bambo anga analibe mwana wamwamuna. Ankasewera ndi ine kuseri kwa nkhokwe, anthu asaone."

"Nanga kulemba pulogalama munaphunzira kuti?"

"Nkhondo itatha kunabwera bungwe lothandiza anthu obwerera kuchokera ku Malawi ndi ku Zambia. Pochoka anasiya makina aja ndi buku limodzi lopanda chikuto. Amuna akapita pansi pa mtengo, ine ndinkatsala ndi bukulo. Chaka ndi miyezi itatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha." Anabwezera njere zija m'lichero. "Kenaka bambo anadwala, ndinabwera kudzawasamala. Atamwalira, munda unatsala ndi ine. Basi."

Egídio anawauza za kamiyau ya mawa. Ankayembekezera kuti adandaula, koma iwo anangofunsa funso lina.

"Munafikapo pamene iko katsala ndi mwala umodzi, uli pa dzenje la pakona?"

"Ine? Sindinafike n'komwe pafupi."

"Pamenepo kamauma. Sikayenda, sikalankhula, mpaka uzimitse. Ndinachoka ndisanakonze." Anatola chitsononkho chija. "Ndinadzazindikira chaka chachitatu, ndili pakati popalira. Ndinawerenga maenje kuyambira pa imodzi, pomwe pena ndinayambira pa ziro. Khasu ndinaliponya pansi. Anthu ankayesa yandiluma njoka."

"Ndiye mwakhala mukudziwa zaka zonsezi?"

"Ndikanauza ndani? Mbuzi?"

Egídio anayang'ana mota, n'kuyang'ana mayiwo.

"Tiyeni, amayi. Ndikubwezani dzuwa lisanalowe."

"Ha! Tsabola wakale sawawa, bambo. Zala izi zinaiwala."

Ananena choncho akuimirira kale. Analowa m'nyumba, n'kutuluka atavala chitenje china ndi nsapato za kutchalitchi, mandala ali m'kathumba ka pulasitiki.

Anafika ku ofesi nthawi ya masana. A Alberto anali pakhonde. Ataona amene akutsika pa mota, anaimirira n'kutsitsa mikono ya malaya.

"Dona Odeta. Mwakalamba bwino."

"Inunso a Alberto, mwakula. Mimba yokha yakhala ya ushefi."

"Mawu anu aja ndamva. Andipeza patatha zaka zonsezi."

"Sanali anga. Ndinangokusungirani."

A Alberto anaseka mwamanyazi, ndipo anawatsata mpaka kuchipinda chija, n'kuima pakhomo.

A Odeta anakhala pampando, n'kuyamba apukuta fumbi pamabatani ndi nsonga ya chitenje. Atavala mandala, ankafufuza chilembo chilichonse ngati munthu wotola nyemba mumchenga. Koma masewera atayamba sanazengereze. Ankadya n'kutola, kudya n'kutola, akuwerenga chapansipansi. Egídio anawerama kumbuyo kwawo, pakamwa pali yasa. Patapita nthawi, makina anatsala ndi mwala umodzi pa dzenje la pakona.

Kachizindikiro kamene kankaphethira pagalasi kanaima.

"Mwaona? Kauma. Zimitsani, muyatsenso. Munditsegulire mkati."

Egídio anatero. Mizere inayamba kutsika.

"Pitirirani. Pitirirani. Cha m'ma folo handiredi... ayi, chimenecho n'Chingerezi, kuno timati kwatrusentu. Imani! Bwererani pang'ono. Apo."

Analoza ndi chikhadabo. Egídio anawerenga mzerewo kawiri, n'kuomba m'manja kamodzi. Cholakwacho chinali pomwepo, kanambala kamodzi. Anatambasula dzanja kuti akonze, koma mayiwo anamumenya kadzanja.

"Wolima ndi yemwe amakolola."

Anafufuta 1, n'kulemba 0.

"Dona Odeta," anatero a Alberto ali pakhomo paja, mawu atatsika, "mukudziwa kuti mawa makinawa akupita kukaphwanyidwa? Ine sindingathe kuletsa."

"Ndikudziwa. Ngakhale maliro timawasambitsa."

Anayambanso masewera. Ulendo uno makina analimba, ndipo kawiri konse anatsala pang'ono kuwamaliza. A Alberto anaiwala za ushefi, anasendera pafupi n'kuyamba kulangiza kuti fesani apa, mpaka a Odeta anawauza kuti woonerera sakhala ndi pakamwa. Egídio anafunsa chimene chinkamuvuta.

"Munthu akapambana, kamati chiyani?"

A Odeta anaima, chala chili m'mwamba.

"Sindikukumbuka. Ndinalemba kanthu, koma sindinakaonepo kakutuluka. Palibe anafikapo."

"Ndiyang'ane pa zithunzi zanga?"

"Ayi! Dikirani."

Mwala wotsiriza wa makina unafikanso pakona. Onse atatu anawerama pafupi ndi galasi. Kachizindikiro kanaphethira, mwala unasuntha dzenje limodzi, ndipo a Odeta anaudya. Makina analira kawiri.

MWAPAMBANA, ABABA. NDIMADZIWA.

A Odeta anavula mandala n'kuwaika pamiyendo.

"Bambo anga ndinkati ndidzawakweza njinga, adzakaone," anatero pamapeto pake. "Ndinkati wotha kukagonjetsa ndi iwo okha."

A Alberto anatuluka mwakachetechete, ndipo patapita nthawi anabwera ndi madzi m'kapu, atagwira ndi manja awiri. Mayiwo anamwa, n'kuthokoza.

Egídio anajambula mawu aja pagalasi, n'kujambulanso mzere wokonzedwa. Anawauza kuti kunyumba ali ndi komputadori yotha kuwerenga chilankhulo chakalechi, ndipo akataipa mizere yonseyo payekha, ngakhale zimutengere mwezi.

"Ndingawonjezemo mitundu, amayi. Ndi kanyimbo. Mwinanso n'kuika pafoni."

"Ikani pomwe mufuna. Koma musakonze Chinyanja changa, ndipo musakafewetse. Munthu azigonja mwachilungamo." Anaimirira n'kumanga chitenje. "Mukafika pa mzere umene simukuumvetsa, musaganizire. Njira mwaiona."

"Nanga ino tifufute tsopano?"

A Odeta anayang'ana galasi lija kanthawi. Anaika dzanja pamwamba pa komputadori, pamene pankatentha, n'kulichotsa.

"Dikirani nditulukeko kaye."

Egídio anadikira mpaka anamva mawu awo pakhonde, akufunsa a Alberto za anthu akale a pa ofesi, uyu ali kuti, uyo anamwalira liti. Kenaka analemba lamulo lofufuta, n'kudina. Makina anang'ung'udza mphindi zingapo, n'kukhala chete. Anazula chingwe, anachikulunga bwinobwino, n'kunyamula komputadoriyo kukaiika pamzere ndi zinzake zinayi.

Panja a Odeta anali atakhala kale pa mota, nsapato za kutchalitchi zili m'manja.

"Fulumirani, bambo," anaitana. "Chimanga ndachisiya pamphasa, ndipo nkhuku za kwathu sizidziwa za boma."