Maso a Apongozi

"Wakwera, bambo!" anafuula Clifford Pilling, n'kubwerera ku fosholo yake.

A Duckworth anangokoka chitsulo chotsegulira nthunzi, injini n'kutsokomola, kenako n'kuyamba kukwera chitunda chotulukira mu Burnley ikukoka mabogi ake a malasha. Kunkawaza kamvula ka m'mawa. Mkono wa siginolo umene Cliff ankanenawo unadutsa pambali pawo utaloza kumwamba, kuwauza kuti njira ndi yawo. Ukanagona chopingasa, akanayenera kuima.

Cliff anayamba kusonkhezera moto m'mainjini a nthunzi ndevu zisanamere, ndipo kwa zaka zambiri tsopano ankayenda ndi a Arnold Duckworth, dalaivala amene analinso apongozi ake. Anakwatira Maureen, mwana wawo mmodzi yekhayo. Wosonkhezera moto aliyense amathandiza dalaivala kuyang'ana masiginolo pamene njanji yakhotera mbali yake, choncho panalibe chodabwitsa. Koma chiyambire nyengo yachisanu, Cliff ankatchula siginolo iliyonse, ya mbali yake ndi ya mbali ya apongozi ake yomwe. Palibe anamupempha. Anangoona tsiku lina mkuluyo akupukuta diso ndi nsanza, kulitsinzina, kusuzumiranso, pamene mkonowo unali poyerayera. Kuyambira pamenepo anayamba kutchula, ndipo a Duckworth sanamuletse. Nkhaniyo sinatulukepo pakamwa pa aliyense wa awiriwo.

Chinali chaka cha 1968, mwezi wa Julaye ukupita kumapeto. Mainjini a nthunzi anali atatha pafupifupi kulikonse, ndipo shedi yawo yosungirako mainjini inali imodzi mwa zotsala zochepa. Injini yawo panalibenso woipukuta. Inali ndi dzimbiri mpaka m'khosi, nthunzi inkathawira paliponse pamene panali polumikizira, ndipo inkadya malasha ngati ikudziwa kuti mawa kulibe. Msana wa Cliff unkawawa asanafike n'komwe pakati pa ulendo.

Pamlatho panaima amuna ovala majasi a mvula, makamera ali kumaso.

"Taonani alendo athu," anatero Cliff. "Ikuyenda yonyezimira panalibe woiyang'ana. Lero yayamba kutsokomola magazi ndiye abwera."

"Anthu amakonda maliro," anatero a Duckworth.

Loweruka likubweralo moto unali woti uzimitsidwe komaliza. A Duckworth anali atapita kale kukaphunzira kuyendetsa injini za dizilo, n'kukhoza, ndipo Lolemba anali oti ayambe kuyendetsa. Akuluakulu a njanji ankamutumiza Cliff kukagwira ntchito ku Preston. Mu dizilo mulibe moto wosonkhezera. Maulendo ena dalaivala amayenda yekha, ena amamupatsa mnzake aliyense amene wapezeka tsikulo. Nkhaniyi ndi imene inkamusowetsa Cliff mtendere sabata yonse.

Kutsogolo kunali mphambano pamene njanji ina inkalumikizana ndi yawo. Sitima inkayenda pang'onopang'ono chifukwa cha chitunda. Cliff anasuzumira ndipo anauona mkono uli chigonere. Anatsegula pakamwa, kenako anatsekanso. Anatsamira fosholo n'kumayang'ana apongozi ake.

A Duckworth anali atatulutsa mutu panja, nkhope yonse ili ku siginoloko. Dzanja lawo silinasunthe pachitsulo cha nthunzi. Mtengo wa siginolo unkakula, unkayandikira, mpaka Cliff anayamba kuona makwerero ake. Dzanja lija linali pomwepo.

"Wagona! Bambo, wagona!"

Mkuluyo anatseka nthunzi n'kumanga mabuleki nthawi imodzi. Mabogi anagundana kumbuyo, lina pambuyo pa linzake, phokoso lake n'kumapita mpaka kumchira. Injini inakhukhuluzika n'kuima mphuno yake ili pamtengo penipeni. Posakhalitsa sitima ya anthu inatulukira panjanji inayo n'kudutsa kutsogolo kwawo. Inali yodzaza ndi mabanja opita kutchuthi ku Blackpool. Ana anali m'mawindo, akubayibitsa injini yakaleyo ndi manja onse awiri.

A Duckworth anadikira mpaka bogi lomaliza litapita.

"Unali kuti iwe?"

"Ndinali pompano, bambo."

"Nanga m'kamwa mwakomo munali chiyani? Malasha?"

"Ndimafuna ndione ngati muuone nokha."

"Ndinauona."

"Simunauone."

"Ndi mvulayi."

"Dzulo kunalibe mvula, bambo. Ngakhale dzana."

A Duckworth anatenga chigubu cha tiyi chimene chinkakhala pamwamba pa khomo la ng'anjo, koma sanamwe. Anangochigwira.

"Njanji ino ndimaidziwa ndi mafupa anga," anatero. "Undimange nsalu kumaso, ndikuuza mlatho uliwonse pongomva kulira kwa mawilo."

"Mlatho suchoka pamalo pake. Mkono umasintha. Lolemba adzakutchulireni ndani?"

"Mu dizilo muli chigalasi chachikulu, ndi chopukutira chake chomwe. Ndidzakhala pampando ngati bwana wa kubanki. Kopanda utsi, kopanda nthunzi. Ndizidzaona mpaka ku Scotland."

"Nkhungu ili m'diso, bambo, siili pagalasi. Kaonaneni ndi a Haworth. Akutumizeni kwa dokotala."

A Haworth anali kapitawo wa shedi. A Duckworth anaseka kaphwete kopanda chimwemwe.

"Ukudziwa chimene amamupatsa dalaivala amene maso ake afa? Tsache. Unamuona Walter Hargreaves, munthu amene ankayendetsa sitima zothamanga. Anathera kusesa m'chipinda chodyera, anthu amene anawaphunzitsa ntchito akumutuma kukawiritsa madzi. Ine ndinapinda msana ndi fosholo imeneyo mpaka imvi zitayamba, kudikira kuti ndidzaime mbali ino. Zatsala zaka zochepa kuti ndipume. Undisiye ndimalize ndili chiimire."

Mkono unakwera. Cliff anautchula, pakuti panalibenso china choti achite, ndipo anapitiriza ulendo.

Madzulo a tsikulo Cliff anapeza Maureen akusenda mbatatesi. Anavula malaya n'kuyamba kusamba pasinki ya kukhitchini, madzi akuda bii akutsika m'mikono. Anamuuza zonse atamufulatira, chifukwa sakanatha kunena akumuyang'ana.

Maureen sanasiye kusenda.

"Lamlungu lapitali bambo anathira tiyi pambali pa kapu," anatero. "Nyuzipepala anasiya kugula. Akuti masiku ano akulemba mabodza okhaokha."

"Ndiye umadziwa? Bwanji sunanene?"

"Nanga inu munanena?"

Cliff anapukuta nkhope ndi thaulo, n'kulisiya lakuda.

"Chimwalirireni amayi, chimene chimawadzutsa m'mawa ndi sitima," anapitiriza Maureen. "Mukawachotsera imeneyo mwawakumbira manda."

"Munali ana m'sitima ija, Maureen. Amatibayibitsa."

Mpeni unaima. Mayiyo anayang'ana pawindo, kumene maovolosi a mwamuna wake anali pachingwe, akudontha madzi a mvula.

"Khoswe wakhala pamkhate," anatero chapansipansi. "Musandifunse ine. Ndikati pitani, ndagulitsa bambo anga. Ndikati musapite..." Anatenga mbatatesi ina. "Koma ngati mupite, muyambe mwawauza pamaso. Musawabaye kumsana."

Masiku otsalawo Cliff ankatchula masiginolo monga kale, ndipo m'mawa uliwonse ankayembekeza kumva kuti apongozi ake apita okha kwa kapitawo. Sanapite.

Loweruka masana analowetsa injini mushedi komaliza. Panjanji za kumbuyo panali mzere wa zinzake zozizira kale, zina zopanda zitsulo za m'mbali, zikudikira kukadulidwa. Cliff anakokolola moto n'kuugwetsera m'dzenje la phulusa. Makala anagwa ofiira, n'kumayera, ndipo kutentha kumene kunamuwotcha miyendo moyo wake wonse kunayamba kuchoka. Ankaganiza kuti tsiku limeneli adzalira, kapena adzavina. Anangomva kutopa.

Amuna ena anali atasonkhana pakhomo la shedi, akuseka mokweza kuposa mmene nthabwala zawo zinkayenerera.

"Pilling, uyambe kugula sopo wonunkhira!" anafuula wina. "Akazi ako sakakudziwa ukakafika woyera."

A Duckworth anali asanatsike. Ankapukuta zogwirira zamkuwa ndi nsanza, chimodzichimodzi, ngati mawa wina adzazigwiranso. Cliff anakwera.

"Mwaonana nawo a Haworth, bambo?"

"Ayi."

"Ndiye ndikupita ine."

Nsanza ija inaima.

"Fosholo imeneyo ndinakuphunzitsa kugwira ndine. Unabwera kuno ukumwaza malasha ngati ukudyetsa nkhuku. Ndinakupatsa mwana wanga."

"Ndikudziwa. Wakutsina khutu ndi mnansi, bambo."

"Uku si kutsina khutu, uku n'kudula khosi. Bwanji sunapite chisanu chija, pamene unayamba kuona? Nthawi yonseyi unali chete."

"Nthawi yonseyi ndinalipo. Lolemba kulibe ine," anatero Cliff. "Tiyeni tipitire limodzi. Munene ndi pakamwa panu, ine ndingoima pakhomo."

A Duckworth anayang'ana khomo la ng'anjo, mmene munali mdima tsopano. Nkhope yawo inaoneka yokalamba kuposa m'mawa.

"Pakamwa panga sipangatuluke mawu amenewo," anatero. "Ndayesa. Lachinayi ndinafika mpaka pachitseko cha a Haworth, n'kungomufunsa za nyengo. Pita. Koma usadikire kuti ndidzakuthokoza."

Cliff anatsika. Analunjika kuofesi ya kapitawo. A Haworth anamumvetsera osamudula mawu. Atamaliza, anavula chipewa n'kudzisisita padazi.

"Ndiwe mkamwini wake," anatero.

"Eya, bwana."

"Chabwino. Lolemba sakwera. Ndimutumiza kwa dokotala." Anavalanso chipewa. "Ndikanakonda tsiku lalero likanatha popanda zimenezi. Koma lakhala la maliro kale."

Dokotala anapeza ng'ala m'maso onse awiri, diso lakumanja litapitiratu. A Duckworth sanakwerenso injini ya mtundu uliwonse. Anawapatsa ntchito pa kasiteshoni kena kakang'ono ka m'njira ya ku Preston, yonyamula katundu wa apaulendo ndi kusamala pulatifomu.

Nkhaniyo inafika kuntchito yatsopano ya Cliff iye asanafikeko. Akalowa m'chipinda chodyera, macheza ankazilala. Ena ankati anachita bwino, koma ankanena zimenezo akakhala awiri okha, motsitsa mawu. Ena ankasuntha kapu yawo iye akakhala pabenchi. Lamlungu a Duckworth analeka kubwera kudzadya. Maureen ankawapakulira nyama ndi mbatatesi, kuvundikira ndi mbale ina, n'kupita nazo yekha. Pobwera sankanena kanthu, ndipo Cliff sankafunsa.

Tsiku lina masamba atayamba kuyoyoka, Cliff anali mu dizilo pambali pa dalaivala wina wa ku Preston amene sankadziwana naye kwenikweni. Munali mofunda, mopanda fumbi. Manja ake anali oyera mpaka m'zikhadabo, ndipo sankadziwa pomwe angawaike. Kulira kwa injiniyo kunali kumodzimodzi kuyambira m'mawa, kokokera munthu kutulo.

Anafika pa kasiteshoni kaja ndipo sitima inaima kudikira njira. Chakumapeto kwa pulatifomu kunali munthu wovala chipewa cha onyamula katundu, akusesa masamba onyowa. Cliff anawadziwa ndi mapewa. Anatsitsa windo n'kukweza dzanja.

A Duckworth anaweramuka. Anatembenukira kusitimako n'kuyang'ana kwa nthawi yaitali, nkhope ili kumene kunali Cliff. Kenako anaweramanso n'kupitiriza kusesa.

"Mumadziwana?" anafunsa dalaivala uja.

"Ndi apongozi anga."

"Nanga bwanji sanakuyankheni?"

Cliff anatsitsa dzanja. Kaya apongozi akewo sanafune, kaya sanamuone, iye sanadziwe, ndipo panalibe munthu woti n'kumufunsa. Sitima inayamba kuyenda. Anakweza windo, chifukwa dalaivalayo anali atayamba kudandaula za mphepo.