Tsamba Limene Kalia Analumpha

Kalia, mwana wamkazi wa a Chue Moua, anali atasiya kuseka. Kale ndiye ankakopa ogula pa tebulo lawo la ndiwo zamasamba pamsika wa Loweruka mumzinda wa St. Paul, koma tsopano ankangomanga mpiru mutu uli pansi. A Chue ankati ndi msinkhu chabe, zidzatha zokha.

Tsiku lina akudya, mtsikanayo anati, "Ababa, mawa kusukulu tikuyankha mafunso a kafukufuku wa zaumoyo. Sitilemba mayina. Koma akuti muli tsamba lofunsa ngati tinaganizapo zodzipha."

A Chue anagwetsa supuni. Kwa ife a mtundu wa Hmong, mawu otere satchulidwa m'nyumba. Akuluakulu amati imfa ukaitchula imamva.

"Tsamba limenelo ulilumphe. Za azungu zimenezo, kwathu kulibe."

"Chabwino, ababa."

Bamboyo anaona ngati wateteza mwana, mtima n'kukhala m'malo.

Patapita miyezi, pamsika panabwera mayi Blia Lor, wazaumoyo wa m'deralo. Iwo ndi a fuko limodzi ndi akazi a a Chue, ndiye iwo ndi a Chue akakumana ndi chipongwe chokhachokha.

"Alamu, tsabola wanuyu wawonda ngati mwini wake."

"Wawonda chifukwa inu mumabwera kudzalawa, kugula ayi!"

Ataseka, mayi Blia anatsitsa mawu. "Zotsatira za kafukufuku uja zatuluka. Tsamba la zodzipha lija ana achizungu ambiri anayankha. Ana akuda ndi a mabanja ochokera ku Mexico analumpha ambiri ndithu. Koma athuwa ndiye anyanya, mapepala ali mbee."

"Basi, ndiye kuti ana athu ali bwino."

"Akusukulu akuganizanso choncho, mpaka akufunsa ngati mlangizi wa ana wolankhula Chihmong amene ali pasukulupo akufunikabe. Alamu, kusayankha si kunena kuti ayi. Ena amaopa kuti boma lidzavutitsa makolo awo. Athuwa amachita kuuzidwa kunyumba."

A Chue anayang'ana Kalia, amene anali patali akuthira madzi pa anyezi. Anachita manyazi, komanso mantha.

"Wanga ndinamuuza ndine. Nanga ndikamufunsa, sindimuika maganizowo m'mutu?"

"Ayi. Kufunsa sikubweretsa maganizo amenewo. Mufunseni mosazungulira, kenako mutseke pakamwa, mumvetsere. Ndikudziwa kuti kutseka pakamwako ndiye kukuvutani."

M'nyumba a Chue sakanatha kutchula mawuwo, zimenezo ayi. Choncho mawa lake anatenga Kalia pa galimoto kupita kumunda wawo wa lendi kunja kwa tawuni. Anayamba ndi kumufunsa ngati nyemba zakula. Kenako anamufunsa ngati zikufuna madzi. Atayambanso za nyemba zomwezo, Kalia anawayang'ana.

"Ababa, mwandibweretsa kuno kuti tikambe za nyemba?"

A Chue anavula chipewa. "Tsamba lija, mwana wanga. Ndikanapanda kukuletsa, ukanayankha chiyani? Unaganizapo zodzipha?"

Kalia anayang'ana pansi. Bambo ake anadziluma lilime, osamufulumizitsa.

"Ndikanayankha kuti inde. Kuyambira nyengo ya chisanu ija ndimangomva kulemedwa. Ndinkaopa kukuchititsani manyazi."

A Chue anasendera pafupi naye. Sanakalipe, sanafunse kuti akusowa chiyani pakhomo. Anangomukumbatira pakati pa mizere ya nyemba. "Manyazi ake ati? Wachita bwino kundiuza. Tikapeza thandizo limodzi, lero lomwe."

Anaimbira mayi Blia ali kumunda komweko. Tsiku lomwelo Kalia anaonana ndi dokotala, ndipo anayamba kukumana ndi mlangizi uja sabata iliyonse. Sizinathe tsiku limodzi. Koma pang'onopang'ono anayamba kudya bwino, kugona bwino, ndi kukangananso ndi alongo ake za malo m'galimoto. A Chue sanaganizepo kuti phokoso la mkangano lingawasangalatse chotero.

Nthawi yokolola, banjalo linaitana abale ku mwambo woitana mzimu wa Kalia kuti ubwerere kunyumba. Anaphika nkhuku ndi mazira, nyumba n'kudzaza thothotho. Aliyense anamumanga ulusi woyera padzanja uku akumudalitsa, mpaka ulusi unatsala pang'ono kufika m'chigongono.

"Azakhali, siyani malo a wotchi!" anatero Kalia, anthu n'kufa nacho chiseko.

Kenako a Chue anaimirira, Kalia atawalola kuti anene. "Abale, ulusiwu ndi wathu, mlangizinso ndi wathu. Ine ndinauza mwana kuti alumphe funso, ndipo ndikanamutaya ndisakudziwa. Musawaletse ana kuyankha. Akasiya tsamba loyera, akusukulu amayesa kuti kwathu kulibe vuto, thandizo n'kupita kwina. Ndipo musadikire kafukufuku. Afunseni nokha."

Achimwene a a Chue, a Xeng, amene ankadziwika kuti salankhula ndi ana, anatola makiyi a galimoto n'kukodola mwana wawo wamwamuna.

"Tiye tikagule zakumwa."

"Koma ababa, zakumwa zadzaza m'firiji."

"Ndati tiye."

Mwana akakhala chete, sindiye kuti ali bwino. Mufunseni mosabisa mawu, mumumvetsere, ndipo mupite naye kwa azaumoyo msanga.