Njinga Yobiriwira ya a Jere

A Nkweto Chishimba a ku Mufulira anali ndi njinga khumi ndi imodzi, zonse zakale kuposa ana awo. Zina anazitola kudzala zitachita dzimbiri, n'kuzipala, kuzithira mafuta, kuzikoleka pakhoma m'kashedi kuseri kwa nyumba. Koma msomali umodzi unakhala wopanda kanthu zaka makumi anayi. Unkadikira njinga yobiriwira ya a Zakeyo Jere.

Awiriwa anali m'gulu la anthu akuda oyamba kupikisana pa njinga m'bwalo la kumgodi. Masiku amenewotu Loweruka likafika komboni yonse inkathera kubwaloko, nthungululu zili pakamwa, fumbi lili koboo. Mu 1958 anafika pamzere womalizira limodzi, oweruza n'kunena kuti tayala la a Jere latsogola ndi chikhatho chimodzi. A Nkweto sanavomereko. Tsono poti iwo anali Mbemba, anzawowo Mngoni, mitundu yonyozana mwachibale, mkanganowo unasanduka ndiwo zawo. A Nkweto ankati wodya mbewa sangapambane munthu, oweruza anali ndi ng'ala. A Jere ankati wodya anyani amadziwa kukwera mitengo, osati njinga. A Nkweto akawapempha njinga ija, a Jere ankangoti adzaitenge tsiku la maliro awo.

Tsikulo linafikadi, ndipo a Nkweto zinawapweteka kwambiri.

Atabwerako kumanda, achibale anayamba kugawana katundu. Njinga inagwera Mabvuto, muphwa wa malemu, bambo wandevu zake wogulitsa makala. Anaigwedeza n'kunena kuti ndi yopepuka, koma akaiwotcherera kaliyala itha kunyamula matumba atatu. A Nkweto mtima unangoti phwii. Njinga imene anaithamangitsa moyo wawo wonse ikasenze makala! Koma pogawa chuma cha eni, mnzake wa malemu alibe mawu.

Mabvuto anati aiyese kaye. Sankadziwa kuti njinga zampikisano zakale zilibe mabuleki, ndipo tayala likamazungulira mapedulo sasiya kuzungulira. Pakamtsetse anafuna kupumitsa miyendo, mapedulo anamunyamula, n'kukamutaya mumpanda wa minga. Anadzuka akutsimphina, akuti malume akukaniza, njingayo ili ndi zitsamba, bola aiphwanye agulitse zitsulo.

“Zitsamba zake ndi miyendo,” anatero a Nkweto. “Bweretsa kuno.”

Anthu anaseka, poti mkuluyu maondo anali atatha, ankayendera ndodo. Akazi a Jere, namfedwa, ndi amene anatontholetsa gulu.

“Bashi Mwansa,” anaitana a Nkweto ndi dzina la mwana wawo, “anzanu anasiya mawu. Akuti mukaikwera n'kuiimitsa osagwa, ndi yanu. Mukagwa, akuti musadandaule, munazolowera kugonja.”

“Onani mwano wa Angoni, mpaka kumanda,” anayankha a Nkweto, misozi ili chuchuchu.

Anapinda buluku, anthu awiri n'kuwakweza pachishalo. Poyamba njinga inkapepeluka, kenako miyendo inakumbukira yokha. Anazungulira mpaka pamjigo, mphepo ikuwomba m'makutu ngati kale, ndipo anakhala ngati akumva mpweya wa a Jere paphewa pawo. Pobwerera anayamba kukaniza mapedulo pang'onopang'ono, maondo akuyaka moto, mano ali gwa, mpaka njinga inaima pamaso pa namfedwa. Mabvuto sanatsutse, anali akuzula minga.

A Nkweto anaikankha okha mpaka kwawo, ndodo ataimangirira pahandulo. M'kashedi muja anayang'ana msomali uja kanthawi, koma sanaikolekepo. Anatsitsa njinga yawo yakuda ya mu 1958, n'kuziimika ziwirizo limodzi, matayala ali pamzere umodzi. Anabwerera m'mbuyo n'kuziyang'anitsitsa. Kenako anayeza ndi dzanja pansi, nakankhira yobiriwira ija patsogolo chikhatho chimodzi.

“Unapambanadi, wodya mbewa iwe,” anatero. “Ndinaona ndi maso angawa.”