Lupanga Lakuda la Bambo Honoré

"Achimwene, mwayamba kale kukwecha?"

Solange anatsomphola lupanga m'manja mwa Fabrice, koma anali atachedwa pang'ono. Pachigwiriro panali kale kamalo koyera mbee. Panali patatha masiku anayi chiikire m'manda bambo awo, a Honoré, ndipo nyumba yawo ya mumzinda wa Thiers inali makatoni okhaokha.

"Angagule ndani chinthu chakuda bii ngati mphika?" anatero Fabrice. "Bambo ananola mipeni ya anthu moyo wawo wonse, koma lawoli linawakanika ngakhale kulipukuta."

Mawuwo anamupweteka Solange. Sankafuna kuti lupangalo lichoke m'nyumbamo. N'chifukwa chake anali ataitana Mayi Perrine a khomo loyandikana, omwe kale ankakonza zida zamakedzana kunyumba yosungirako zakale.

Mayiwo analowa akupuma wefuwefu, osavula n'chikhoti chomwe. Atangoliona lupangalo, chisoni chimene anabwera nacho anachiiwala pakhomo.

"Bwerani nalo kuno kowala. Taonani kuwonda kwake, ngodya zitatu. Ili si lodulira, n'lobayira basi." Anasuzumira ndi galasi lawo lokuzira zinthu munsi mwa chigwiriro, n'kuseka ngati mwana. "Apa palembedwa dzina la mzinda wa Solingen. Chitsulochi anachisula ku Jeremani, chigwiriro anadzaikira kwathu kuno. Iwe Fabrice, pisa chala m'kamphete aka."

Fabrice, bambo wa imvi zake, anamvera. Chala chinakana.

"Chala chako chilibe mlandu, ngakhale chanenepa. Pa malupanga akale kwambiri chimalowa. Kenako timpheteti anayamba kutichepetsa, tinangotsala tokongoletsa. Ili ndi la m'ma 1780."

Fabrice maso anali atayera.

"Ndiye likawala lidzakhala bwanji!" anatero, akutolanso kansalu kake kokwechera.

"Ukalikhudzanso ndikuthyola dzanja," anatero Mayi Perrine. "Ukuyesa dzimbiri? Analidetsa dala tsiku lomwe analipanga. N'lupanga la maliro ili. Munthu akaferedwa ankavula lonyezimira, n'kumangirira lakuda m'chiuno mpaka kulira kutatha."

Apo m'pamene Solange anakumbukira. Amayi awo atamwalira, bambo anatsitsa lupangalo pakhoma n'kuligoneka patebulo, pamalo pomwe mayi ankadyera. Linakhala pamenepo sabata yathunthu. Anawo ankangoti chisoni chawasokoneza mutu, ndipo palibe anawafunsa.

"Ankadziwa," anatero Solange. "Achimwene, bambo ankadziwa."

Mayi Perrine anaika galasi lawo m'thumba pang'onopang'ono.

"Zaka zonsezi sanandilole kuligwira. Ankati ndikaliuza dzina lake lidzasanduka katundu. Koma amuna anga atamwalira, ndinkaliona pawindo lanu ili, moyang'ana kwathu, masiku asanu ndi awiri. A Honoré sanabwere kudzandipepesa ndi mawu. Mukuwadziwa, pakamwa panali polemera."

Fabrice anayang'ana kamalo koyera kaja kwa nthawi, manyazi atamugwira. Anayesa kukaphimba ndi chala, ngati kuti kuda kungabwerere. Kenako anachotsa katoni yomwe inali patebulo, napukuta fumbi ndi mkono wa malaya, n'kugoneka lupangalo patsogolo pa mpando wa bambo awo.