Mano a m'Mabotolo a Amidu

"Izi zipite mu Shire anthu a sadaka ya malemu asanafike," anatero a Atumani, akukhuthulira botolo lachitatu pachiguduli. Munatuluka mano a ng'ombe, lililonse litamatidwa kachidutswa koyera konga ka mbale yosweka.

Panali patapita masiku awiri chiikire mng'ono wawo Amidu, amene ankapanga mano oikirira m'kachipinda kakuseri kwa nyumba yake kwa Mponda. Kumanda komweko anthu anayamba kunong'ona kuti malemuyo ankasunga mano m'mabotolo, ndipo zizimba zakezo ndi zimene zamutembenukira.

"Bambo aakulu, musawachotse m'madzi!" anakuwa Hidaya, mwana wa malemuyo, yemwe ankaphunzira za mano ku Lilongwe.

"Iwe, ine ndayenda. Joni, Nampula, Dar. Ndinayamba ndi njinga imodzi pa Chiponde, lero malole atatu. Sindinaonepo dokotala woweta mano ngati matemba. Ukufuna dzina la bambo ako linunkhe mpaka ku Makokola?"

"Ankayesa guluu. Ili analikhula, ili analithira asidi, ili sanalikhudze. Ankati guluu ndi yemweyo, nkhani ili pa mmene walikonzera dzinolo. Ndipo louma limanama, poti m'kamwa mwa munthu simuuma."

"Ukawauze zimenezo amayi akuchitsime."

Pakhomo panaima a Mwanamvua, mkazi wa malemuyo, dzanja lili pakamwa monga mwa masiku onse chithyokere dzino lawo lakutsogolo.

"Alamu, tengani ndowa iyo," anatero motsitsa mawu.

Hidaya anamanga dzino limodzi m'chopanira chachitsulo, nakola waya pakachidutswa kaja, napachika ndowa kuwayako. A Atumani anayamba kuthira madzi ndi chitini, akupukusa mutu. Pa chitini chachinayi kachidutswa kanathothoka, ndowa inagwa, madzi ananyowetsa mkanjo wawo.

"Limenelo sanalikhule," anatero a Mwanamvua. "Zaka ziwiri ndakhala ndikukolopa muno."

Dzino lokhulidwa linafika zitini khumi ndi chimodzi. Panatsala botolo limodzi losatsegula, lolembedwa tsiku limene Amidu anadwala ndi mmene anakonzera dzino la m'menemo. Hidaya anatulutsamo dzino lonyowa, nalimanga. A Atumani anathira, nathiranso, milomo ikuwerenga. Ndowa inadzaza mpaka kusefukira. Waya anakungika, koma kachidutswako sikanasunthe.

"Ngakhale ku Joni..." anayamba a Atumani, koma sanamalize. Anakhala pampando wa mng'ono wawo, nayang'ana mano aja akuuma pachiguduli. "Ndowayi isachoke. Akabwera a sadaka, aliyense athire yekha chitini chake, ndione amene anong'onenso."

Pofuna nsalu yopukutira pansi, Hidaya anapeza bokosi la machesi m'kabati. Munali dzino limodzi loyera, lokulungidwa m'thonje, ndi kapepala kolembedwa dzina la mayi ake.

A Mwanamvua analiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinkamukalipira. Ena ukuwaika mano, ine mkazi wako ayi? Iye ankangoti, 'Lako lisadzagwe pamaso pa anthu.'"

"Ndikamaliza sukulu ndidzakuikani dzinoli, amayi. Njira yake yasiyidwa m'botolo ili."

 Mayiwo anagwada, natola mano aja limodzilimodzi, nawabwezera m'mabotolo monga ankachitira mwamuna wawo. Kenaka ananyamula ndowa ina ndi manja onse awiri, nayamba kuthira madzi m'mabotolomo, pakamwa pali posaphimba.