Mizinda Iwiri pa Foni ya Agnesi

Galimoto itaima kuseri kwa khola la mbuzi, aNdapeza anali m'munda wa kachewere, akuzula udzu ndi manja chifukwa khasu limavulaza mbatata. Anadziwiratu kuti ndi Agnesi, mdzukulu wawo amene anamulera mayi ake atamwalira, pakuti kuno ku Kasina palibenso wina amene amawafikira pakhomo ndi galimoto. Munthu wa ku Lilongwe akatulukira pakati pa sabata osaimba foni, muziyamba mwakhala pansi.

Agnesi anatsika pang'onopang'ono, dzanja lili pamimba pamene madokotala anang'amba miyezi itatu yapitayo. Mwanayo anatuluka atamwalira kale. Chichokereni m'chipatala, Agnesi anali asanapondeko kumudzi. Mwamuna wake, aKalisto, anatsika ndi jumbo ya shuga ndi buledi.

“Amuna anga afika!” anatero aNdapeza akusasa dothi m'manja, pakuti mwamuna wa mdzukulu amasereulidwa choncho. “Mwanditengera chiyani, kapena zonse mwathera mkazi wamng'onoyu?”

“Wamng'onoyu wandivuta, agogo,” aKalisto anaseka. “Tabwera kuti mutiweruze.”

Anakhala pakhonde, ndipo aKalisto anafotokoza. Kuntchito awapatsa tchuthi mwezi wa Febuluwale. Dokotala ananena kuti Agnesi achokeko kaye panyumba, akapume, akaone zina. Ndiye anagwirizana zopita kutali kwenikweni, kutsidya la nyanja, mayiko a ku Asia. Koma mizinda inali iwiri, Bangkok ku Thailand ndi Hanoi ku Vietnam, ndipo sabata zitatu zinatha akukokana. Iwo ankafuna Bangkok, Agnesi ankafuna Hanoi.

“Pa ndege?” anafunsa aNdapeza.

“Pa ndege, agogo.”

“Nanga ikatopa m'mwambamo imaima pati? Minibasi ikafa timatsika n'kukankha. Inu mudzatsikira kuti?” Anapukusa mutu. “Kumeneko kuli tchalitchi? Mukadwala mudzalozera ndani pamene pakuwawa? Mwana uyu akadali ndi chilonda, inu mukuti akaone zina. Zomba yatha kodi?”

“Taonani kaye zithunzi,” anatero aKalisto. “Agnesi, apatse foni.”

ANdapeza anaigwira foniyo ndi manja awiri, kutali ndi nkhope. Agnesi ankasuntha zithunzi ndi chala. Bangkok inali yowala dzuwa lokhalokha. Nyumba zopemphereramo zinali ndi madenga osongoka onyezimira ngati golide. Amayi ankagulitsa zipatso atakhala m'mabwato pamtsinje, ndipo anthu mumsewu anali ngati msika wa Lizulu mutauunjika kakhumi. Kenako kunabwera Hanoi. Pakati pa mzinda panali nyanja yaing'ono yokhala ndi mlatho wofiira, mitengo itaweramira m'madzi, anthu atavala majekete, ndipo zonse zinali mu nkhungu.

“Bwezera kumeneko,” anatero aNdapeza. “Utsi umenewu ndi wa chiyani?”

“Ndi nkhungu, agogo. Akuti nyengo imeneyo kumazizira, kamvula kamangowaza tsiku lonse.”

“Ndiye mukwere ndege masiku awiri kukaona nkhungu? Bwerani kuno mwezi wa Juni, phiri la Chongoni lidzakupatsani mpaka mudzakhute.” Anabweza foni. “Mlandu uwu ndi wosavuta. Chilonda cha mpeni sichifuna mphepo. Chikazizidwa chimabaya m'kati, ndipo chimatero mpaka kukalamba. Ngati simungaleke, pitani kwa dzuwako. Koma m'mabwatomo musakweremo. Chipatso chimene simukuchidziwa dzina musadye. Ndipo mukamayenda m'chigulu chija muzigwirana dzanja, musachite manyazi.”

AKalisto anawomba m'manja. “Wamva, mayi? Mkazi wamkulu wagamula.” Anayang'ana Agnesi, koma Agnesi ankayang'ana pansi. Kuseka kwawo kunazilala. Anaimirira n'kunena kuti akalonjere amalume ake a Agnesi kumtunda, akaonenso ngati ali ndi kabichi woti atenge.

Atatsala awiri, aNdapeza anayamba kumasula jumbo.

“Wakwiya? Ine ndikunena za chilonda chakocho.”

“Sindikufuna dzuwa, agogo.” Agnesi analankhula motsitsa, mawu ali phee. “Pamalo ngati amenewo aKalisto azindikoka uku ndi uku kuti ndiseke. Ine ndaona mabenchi m'mbali mwa madzi aja. Ndikufuna ndikakhale pamenepo m'nkhungumo, kumene palibe wondidziwa, ndikalire mwana wanga. Kumeneko palibe adzandigwire pakamwa.”

Buledi anawagwa m'manja aNdapeza.

Iwo ndi amene anamugwira pakamwa. Tsiku lija m'chipatala, Agnesi atatsitsimuka n'kuuzidwa, anatsegula pakamwa kuti akuwe, ndipo iwo anaika dzanja lawo pomwepo n'kutsindira. Mwana wobadwa wakufa ndi mtayo, ndipo anthu salira mtayo. Mayi akalira, mimba imatseka. Amayi akuluakulu amakamuika okha mwakachetechete, dzenje losazama, popanda bokosi, popanda mtanda, ndipo mayi wake saonetsedwa malowo kuti mtima wake usamapiteko. ANdapeza sanazimve kwa anthu zimenezi, anaziona. Mng'ono wawo analira mtayo mpaka mawu kutha, ndipo anakalamba osagwiranso mwana wakewake. Ndiye aNdapeza anamukulunga mwana wa Agnesi m'chitenje, anabwera naye kumudzi, anakamuika ndi amayi ena awiri, ndipo pobwerera kuchipatala anamuuza Agnesi kuti zatha, aiwale.

“Ndinkakuteteza,” anatero.

“Ndikudziwa. Anesi anandiuza kuti kulira sikutseka mimba, koma ndikafuna kuyamba ndimamva dzanja lanu pano.” Anagwira milomo yake. “N'chifukwa chake sindinkabwera. Ndikakuonani ndimaona dzanjalo. Ndimati mwina ndikakalirira kutali, ndidzatha kubweranso kuno n'kudya nanu m'mbale imodzi ngati kale.”

ANdapeza anayang'ana manja awo. Anali ataika m'manda mwamuna, ana anayi ndi mng'ono wawo. Uyu yekha ndi amene anatsala wowaimbira foni usana n'kufunsa kuti agogo mwadya? Mantha a mimba yotseka anali pomwepo, sanachoke. Koma pambali pake panaima mantha ena atsopano, akuti mwana uyu adzapita, adzabwera, adzakhala ku Lilongwe zaka ndi zaka akutumiza shuga ndi anthu ena.

Anadzuka n'kumanga chitenje mwamphamvu.

“Vala nsapato zathyathyathya. Udzu wanyowa. Uziponda pamene ndaponda ine, nyengo ino njoka zatuluka.”

Anadutsa m'minda ya chimanga chofika m'mawondo, anawoloka kamtsinje, n'kukwera kulunjika ku nkhalango ya manda. M'katimo sanalowe, pakuti mkazi salowamo yekha. Ana otere amaikidwa kunja, m'mphepete, kumene mitengo ikuluikulu imathera.

Pamenepo aNdapeza anaima.

Mu Seputembala malowa anali oyera, udzu utapsa ndi moto, dothi lili poyera. Ankakumbukira kamtengo ka msuku, ankakumbukira kuti anagwada msukuwo uli kudzanja lamanja. Tsopano mvula inali itagwa sabata zisanu. Udzu unali wofika m'chiuno, ndipo timisuku tinalipo titatu, tonse tofanana. Anapita pa woyamba n'kupatula udzu ndi manja. Dothi linali losalala. Anapita pa wachiwiri, anagwada, anapapasa pansi ngati munthu wotaya singano. Palibe kamtumbira, palibe mwala. Iwo omwe ndi amene anasalaza dothilo ndi phazi tsiku lija, bwinobwino, kuti pasadziwike.

“Ndi pati, agogo?”

Akanatha kungoloza. Akanati ndi apa, Agnesi akanagwada pomwepo, ndipo palibe akanatsutsa. Chala chinafika podzuka. Koma kunamiza mwana pamanda a mwana wake, ayi, zimenezo zimatsata munthu.

“Sindikupaona, mwanawe,” anatero. “Ndi pakati pa mtengo uwu ndi uwo. Kupitirira apo sindikudziwa. Ndinabisa kuti iwe usadzapapeze, ndiye ndadzibisira ndi ine ndemwe.”

Agnesi anayang'ana udzuwo kuchokera pa mtengo wina kufika pa unzake. Mphepo inkaugoneka n'kuudzutsa. ANdapeza anabisa manja awo onse awiri kumbuyo, anawagwiranitsa zolimba, n'kudikira.

“Lira,” ananong'ona. “Sindikugwira.”

Agnesi anatsegula pakamwa. Anapuma kawiri, katatu. Palibe chinatuluka. Anaima choncho mpaka kamvula kanayamba kudontha, kenako anapukusa mutu.

“Sizikubwera, agogo. Kuno sizikubwera.”

Anabwerera, agogo patsogolo, mdzukulu pambuyo. Pakhomo anapeza aKalisto akuika kabichi m'galimoto, ndipo ataona maondo amatope a aNdapeza anafuna kufunsa, koma aNdapeza anawaletsa ndi dzanja.

“Bambo,” anatero, ndipo nthabwala munalibe, “ndinagamula molakwa. Mupite naye kwa nkhungu kuja. Akakhala pa benchi musamukoke, musamuuze kuti basi zakwana. Mukhale chapatali, koma maso anu asachoke pa iye, chifukwa pali madzi pamenepo.”

AKalisto anayang'ana mkazi wawo, n'kugwedeza mutu.

ANdapeza analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mpango wawo waubweya umene ankavala ku Misa ya m'mawa nyengo yozizira. Anaupinda n'kuuika pamiyendo pa Agnesi, amene anali atakhala kale m'galimoto.

“Uzimanga pamimbapo, m'kati mwa jekete. Ukabwerako udzandibwezere wekha. Usadzatumize munthu.”

Agnesi anausisita mpangowo ndi chala.

“Ndidzayesa, agogo,” anatero.

Galimoto inatsika pang'onopang'ono m'matope, ndipo aNdapeza anaima pamvula mpaka inakhota kuseri kwa minda.